Njira ya ku Ndulu Pamene Mpeni Udadutsa Kale

Aliyense amene adatumbulapo nkhuku, kapena kusenda mbuzi pa tsiku la chinkhoswe, amadziwa kuti pansi pa chiwindi pamakhala kathumba kobiriwira kamene dzanja liyenera kukachotsa mwaulemu, pakuti kakangophulika nyama yonse yawawa, ndipo wotumbulayo sadzapatsidwanso mpeni pamudzipo. Koma ngakhale ndulu timaidziwa chotero kuyambira ubwana wathu, ndi owerengeka mwa ife amene adayamba alingalirapo za kumene madzi owawawo amachokera ndi kumene amapita, kapena kuti m'thupi la munthu muli kanjira kopapatiza, kotakata mamilimita 6 kapena 7 okha, kamene kakatsekeka kwa masiku ochepa kangathe kugoneka pamphasa mwamuna wamphamvu amene dzulo lake ankasenza thumba la chimanga yekha.

Madzi a ndulu amapangidwa m'chiwindi, usana ndi usiku, pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa tsiku. Kathumba kaja ndi nkhokwe chabe yosungiramo. Kuchokera m'chiwindi madziwo amatsika ndi tinjira tambirimbiri timene timakumana n'kukhala njira imodzi, ndipo njira imeneyo, itatsala pang'ono kulowa m'matumbo, imakumana ndi inzake yochokera mu kapamba. Kapamba amene tikunena pano ndi uja wogona chopingasa kuseri kwa chifu, wopanga insulini ndi madzi ogaya chakudya, osati uja wa kumanzere amene amatupa ana akadwala malungo. Njira ziwirizi zimatulukira pa kakhomo kamodzi, kotukuka pang'ono, kozingidwa ndi kamnofu kamene kamatseka ndi kutsegula, m'chigawo choyamba cha matumbo aang'ono chimene madokotala amachitcha duodenum. Njira ya kapamba adaiona koyamba ndi kuijambula Johann Georg Wirsung mumzinda wa Padua m'chaka cha 1642, ndipo mkuluyu sadakhalitse kuti adye za ntchito yake, pakuti chaka chotsatira adaphedwa ndi mfuti. Kakhomoko kamatchedwa ndi dzina la Abraham Vater, amene adalemba za malowo mu 1720, ndipo kamnofu kake ndi dzina la Ruggero Oddi, amene adakafotokoza mu 1887 akali mnyamata wa pasukulu.

Kanjira ka ndulu kakatsekeka, kaya ndi kamwala kotsika kuchokera m'kathumba, kaya ndi chipsera, kaya ndi chotupa cha khansa, madzi aja amabwerera m'magazi, ndipo thupi silibisa: maso amachita chikasu, mkodzo umada, chimbudzi chimatuwa mbuu, khungu limayabwa usiku wonse kufikira munthu adzikanda mpaka magazi. Choopsa koposa ndi pamene tizilombo talowa m'madzi oima aja, pakuti pamenepo mafinya amadzaza njira yonse, wodwala amanjenjemera ndi kutentha thupi, ndipo ngati njirayo sitsegulidwa msanga poizoni amafalikira m'magazi. Jean-Martin Charcot wa ku Paris adalemba mu 1877 kuti zizindikiro zitatu zikakumana, kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, chikasu ndi kutentha thupi, sing'anga adziwe chimene chili patsogolo pake. Ndipo kufikira lero ophunzira udokotala amaloweza zitatuzi monga momwe ana amalowezera katekisimu.

Kwa zaka zambiri njira yokhayo yothandizira munthu wotere idali kumung'amba pamimba. Zinthu zidayamba kusintha mu 1968, pamene William McCune ndi anzake mumzinda wa Washington adakwanitsa kulowetsa chipangizo choonera m'kati kudzera pakamwa, nafika nacho pa kakhomo kaja, nathiramo mankhwala ooneka pa X-ray. Itaru Oi wa ku Japan, pogwirizana ndi amisiri a kwawo, adathandiza kukonza chipangizo choyenera ntchitoyo. Ndipo pofika 1974 Meinhard Classen ndi Ludwig Demling ku Erlangen, dziko la Germany, ndiponso Keiichi Kawai ku Kyoto, aliyense kwawo, adasonyeza kuti kamnofu ka pakhomopo kangathe kuchekedwa ndi kawaya ka magetsi, miyala n'kukokeredwa m'matumbo, mimba isadang'ambidwe konse. Patapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi Nib Soehendra ku Hamburg adawonjezapo luso losiya kachubu ka pulasitiki, kotchedwa stent, m'kanjira kofinyika kuti madzi azidutsa. Ntchito yonseyi imadziwika ndi zilembo zinayi, ERCP.

Kwa munthu amene m'mimba mwake muli monga momwe Mlengi adamuumbira, ulendowu ndi waufupi ndipo ndi wodziwika. Wodwala, atasala chakudya kuyambira usiku, amagonekedwa chafufumimba kapena chammbali, napatsidwa mankhwala ogonetsa. Dokotala amalowetsa pakamwa endoscope, chubu chakuda chopindika, chonenepa ngati chala chamkombaphala, chokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga. Amatsika nacho kummero, nadutsa m'chifu, nakhota kamodzi, ndipo kakhomo kaja kali pamaso pake. Chipangizo cha ntchito imeneyi chidapangidwa mwanzeru, pakuti diso lake limayang'ana chammbali, kumene kakhomoko kali, ndipo pafupi ndi disolo pali kachitsulo konyamula kamene dokotala amakayendetsa ndi chala chachikulu kuti kawaya kake kaloze m'mwamba, molunjika njira ya ndulu. M'manja mwa katswiri, odwala oposa 90 mwa 100 alionse amathandizika, ndipo ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Koma taonani, si anthu onse amene m'mimba mwawo muli monga adabadwira. Pa 29 Januwale 1881, mumzinda wa Vienna, Theodor Billroth adadula chigawo cha chifu cha mayi wina wa zaka 43, Therese Heller, amene adali ndi khansa, nalumikiza chotsalacho ku duodenum. Mayiyo adadzuka, nadya, nabwerera kwawo, ngakhale kuti nthendayo idamutenga patapita miyezi inayi. Mu 1885 Billroth yemweyo adayesa kasokedwe kena: adatseka duodenum kumtunda kwake, nakoka thumbo la patsogolo n'kulisokerera ku chifu, kotero kuti chakudya chinkalambalala kakhomo ka ndulu osakadutsanso. Kasokedwe koyamba kamatchedwa Billroth I ndipo sikasokoneza kwenikweni ulendo wa endoscope; kachiwiri, Billroth II, ndiye chiyambi cha nkhani yathu. M'zaka za m'ma 1890 César Roux wa ku Lausanne adapitiriza: iye ankadula thumbo pakati, mbali ya kumunsi n'kuikweza kukalumikiza ku chifu, mbali ya kumtunda, yonyamula ndulu ndi madzi a kapamba, n'kuisokerera chammbali patali ndithu, matumbo n'kukhala ndi mphanda yonga chilembo cha Y. Cholinga chake chidali chabwino, kuti ndulu isamabwerere m'chifu n'kumapsereza chilonda. Ndipo kasokedwe kameneka nkofala pa dziko lonse kufikira lero, pochotsa chifu chonse chifukwa cha khansa, pokonza njira ya ndulu imene idavulala pa opaleshoni yochotsa kathumba, ndiponso nthawi zina poika chiwindi chatsopano.

Pamwamba pa izi padadza opaleshoni yaikulu imene Walther Kausch adachita ku Berlin mu 1909, imene Allen Whipple wa ku New York adaifotokoza mu 1935 n'kuisiyira dzina lake: pochotsa khansa ya kumutu kwa kapamba, duodenum yonse imachoka pamodzi ndi kakhomo kake, ndipo njira ya ndulu ndi ya kapamba zimasokereredwa ku thumbo, iliyonse payokha. Kenaka mu 1966 Edward Mason wa ku Iowa, ataona kuti odwala zilonda za m'mimba amene adadulidwa chifu ankawonda osanenepanso, adaganiza zogwiritsa ntchito chimenechi pothandiza anthu onenepa mopitirira muyeso: adasiya kathumba kakang'ono ka chifu kumtunda, nakalumikiza ku thumbo, chifu chachikulu n'kutsala pambali, chamoyo koma chosalandira chakudya. Opaleshoni yodula chifu chifukwa cha zilonda idachepa kwambiri kuyambira pamene mankhwala ochepetsa asidi adafika m'zaka za m'ma 1970, makamaka Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Perth atapeza mu 1982 kuti zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Chotero a Billroth II amene alipo lero ambiri ndi okalamba. Koma opaleshoni yochepetsa kunenepa idachuluka mowirikiza ku America, ku Ulaya, ku Brazil ndi ku mayiko a Aluya, ndipo khansa ya m'chifu ikadali yofala ku Japan, ku Korea ndi ku China. Kotero kuti anthu a matumbo osokedwa mwatsopano ndi khamu losawerengeka.

Akulu adati walira mvula walira matope. Opaleshoni yomwe idapulumutsa munthu ndiyo kawirikawiri imamubweretsera vuto la ndulu pambuyo pake. Munthu akawonda mofulumira, chiwindi chimataya mafuta ochuluka m'madzi a ndulu, ndipo mafutawo amaundana n'kukhala miyala. Mwa anthu atatu amene achitidwa opaleshoni yochepetsa kunenepa, pafupifupi mmodzi amapezeka ndi miyala m'kathumba chaka chisadathe, n'chifukwa chake ambiri amapatsidwa mankhwala otchedwa ursodeoxycholic acid kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira. Podula chifu, mtsempha wa vagus, umene umathandiza kathumba kufinya, nthawi zambiri umadulidwa nawo, ndipo madzi osayenda sachedwa kuundana. Ndipo paliponse pamene singano ya dokotala idalumikiza njira ya ndulu ku thumbo, chipsera chingathe kukokana pang'onopang'ono, mwina patapita chaka, mwina patapita zaka khumi, kufikira pobowoka patsala ngati diso la singano. Munthu wotereyu ndiye wosowa ERCP koposa anzake, ndiponso ndiye woyenera kupewa mpeni wachiwiri koposa anzake, pakuti m'mimba imene idatsegulidwa kale matumbo amamatirirana ndi zipsera. Komatu ndiye yemweyo amene chipangizo chija sichingamufike mosavuta.

Kwa wa Billroth II mtunda si wautali, koma dokotala amafika pa kakhomo kuchokera kumunsi, mobwerera, ndipo zonse zimene dzanja lake lidazolowera zimakhala zotembenuzika: njira ya ndulu, imene kwa anthu ena imaloza kumene muvi wa wotchi umaloza pa 11 kapena 12 koloko, tsopano ili cha pa 5 kapena 6 koloko, ndipo kawaya kochekera, kamene kadapangidwa kuti kazipindikira m'mwamba, kamapindikira kosayenera. N'chifukwa chake amisiri adapanga timawaya totembenuzika, ndipo madokotala ambiri amasankha kucheka pang'ono chabe n'kufutukula khomolo ndi kabaluni. Ngozi yaikulu pano ndi kubowola thumbo pa ngodya yakuthwa imene endoscope iyenera kukhota, pakuti chubu choyang'ana chammbali sichiona bwino kumene chikupita.

Kwa wa kasokedwe ka Roux nkhani ndi ina. Tiyerekeze munthu wa bwato amene ali kumtunda kwa Shire ndipo afuna kukafika ku mudzi wa m'mbali mwa Ruo: palibe njira yachidule, ayenera kutsika ndi madzi kufikira pa Chiromo pamene mitsinje iwiriyo ikumana, akhote, ayambe kupalasa mokwera, molimbana ndi madzi, kufikira atafika. Momwemonso endoscope iyenera kutsika thumbo lonyamula chakudya, limene kwa ochepetsa kunenepa, amene nawonso amasokedwa chotere, limatalika masentimita 100 mpaka 150, ipeze mphanda ija, isankhe mwendo woyenera, n'kukweranso thumbo lonyamula ndulu, masentimita ena 50 kapena kuposerapo, isadafike pamene ntchito yeniyeni iyambire. Chipangizo cha nthawi zonse chija, chimene mbali yake yolowa m'thupi ndi pafupifupi masentimita 125, chimathera panjira. Ndipo kutalika sindiko vuto lokha. Matumbo aang'ono sadakhomeredwe pamalo amodzi. Amalendewera momasuka, kotero kuti dokotala akakankha chubu, thumbo limangofutukuka n'kupanga chizinga, dzanja likulowetsa masentimita makumi awiri koma nsonga osasuntha ngakhale pang'ono, wodwala akubuula ndi ululu.

Amene adamasula mfundo imeneyi ndi Hironori Yamamoto wa ku Jichi Medical School, sukulu ya ku Japan imene idakhazikitsidwa kuti iziphunzitsa madokotala okagwira ntchito kumidzi yakutali ndi pa zilumba. Ndipo ndikuona ngati si mwangozi kuti nzeru yosafuna makina ambiri idachokera kumalo otero. Mu 2001 iye adalengeza njira ya mabaluni awiri. Endoscope yaitali masentimita 200 imavekedwa chubu china chakunja chofewa, chimene chimatha kutsetsereka pamwamba pake. Kunsonga kwa endoscope kuli kabaluni, kunsonga kwa chubu chakunja kulinso kena. Dokotala amafufumitsa baluni ya chubu chakunja kuti igwire khoma la thumbo m'kati, ndipo thumbo litagwidwa chotero silingathenso kufutukuka, endoscope n'kupita patsogolo momasuka. Ikafika pamene ingathe, amafufumitsa baluni yake kuti nayo igwire, naphwetsa yakunja, nakankha chubu chakunja kufikira chitaipeza inzake. Pamenepo, mabaluni onse awiri atagwira, amakoka zonse pang'onopang'ono chakumbuyo, ndipo thumbo limene adadutsa limakwinyika n'kusonkhana pa chubucho, njira ya patsogolo n'kuwongoka. Akatero amayambanso, kukankha ndi kukoka, kukankha ndi kukoka, mwina kakhumi, mwina kuposerapo. Nzeru yake yagona pakuti m'malo mothamangitsa thumbo, dokotala amalikokera kwa iye. Kampani ya Fujinon idayamba kugulitsa chipangizochi mu 2003, ya Olympus idatulutsa cha baluni imodzi mu 2007, ndipo ngakhale poyamba cholinga chidali kufufuza kumene magazi akutuluka m'matumbo aang'ono, sipadapite nthawi madokotala asadazindikire kuti chingawafikitsenso ku khomo la ndulu la anthu osokedwa aja.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi mwambiwu ndi woona kotheratu. Pa mphanda paja mabowo awiri amaoneka ofanana, ndipo amene walowa kolakwika angathe kutaya theka la ola akutsika kumene kulibe ndulu. Dokotala amayang'ana kumene kuli madzi achikasu, amaona chipsera cha msoko wakale, amapopera mpweya n'kuyang'ana pa X-ray ngati ukukwera cha ku chiwindi. Mpweya wake masiku ano ndi carbon dioxide, umene thupi limamwa msanga, kuti mimba isafufume. Akafika, nkhondo ina imayamba, pakuti endoscope yaitaliyo imayang'ana kutsogolo osati chammbali, ilibe kachitsulo konyamula kaja, mpita wake wodutsitsa zida ndi wopapatiza, ndipo zida zambiri za ERCP nzazifupi kwa iyo. Amisiri adayankha popanga ina yaifupiko, ya masentimita pafupifupi 150, imene zida za nthawi zonse zimatha kudutsamo. Ndipo madokotala adaphunzira kuveka kunsonga kachipewa koonekera, kamene kamakankha makwinya a thumbo ndi kugwira kakhomo kuti kasathawe. Ntchito imene kwa munthu wina ikadatha pa theka la ola, pano imatenga maola awiri.

Zotsatira zake zimasiyana malinga ndi mpeni umene udadutsa. Kumene njira ya ndulu idasokereredwa ku thumbo, monga kwa a Whipple, polowera ndi bowo chabe lopanda kamnofu, ndipo likapezeka, kulifutukula ndi baluni ndi kuchotsa miyala sikuvuta kwambiri. Bowo la njira ya kapamba ndi lina: ndi laling'onong'ono, lobisika m'makwinya, nthawi zina lotsekeka kotheratu, kotero kuti ena amabaya wodwala mankhwala otchedwa secretin kuti kapamba atulutse madzi, iwo n'kumayang'anitsitsa pamene pakunyowa, ndipo ngakhale atero, amalephera kawirikawiri kuposa pa njira ya ndulu. Ovuta koposa ndi a opaleshoni yochepetsa kunenepa, pakuti kwa iwo ulendo ndi wautali ndipo kumapeto kwake kuli kakhomo kachibadwa, kotseka, koyang'ana kumbali; mwa odwala khumi otere, pafupifupi atatu kapena anayi sathandizika ndi njira ya mabaluni.

Kwa amenewa padapezeka njira zina, ndipo ziwiri mwa izo zimatsamira pa mfundo imodzi: chifu chachikulu chija chimene Mason adachisiya pambali chikadalumikizana ndi duodenum monga kale, ndipo amene angalowe m'menemo wapeza njira yakale yaifupi. Mutu umodzi susenza denga. M'chipinda cha opaleshoni dokotala wa mpeni amabowola pamimba timabowo tating'ono, nafika pa chifu chosiyidwacho, natsegulapo polowera, ndipo mnzake wa endoscope amalowetsa chipangizo chake cha nthawi zonse kudzera pakhungu la pamimba, osati pakamwa. Njira imeneyi siphonya kawirikawiri, ndipo ngati kathumba ka ndulu kakadalipo kamachotsedwa nthawi yomweyo. Koma ndi opaleshoni ndithu, yofuna magulu awiri a anthu pa ola limodzi, ndipo ngati pafunika kubwerezanso, zonse ziyambira pachiyambi.

Njira yatsopano koposa idabadwa pamene kunsonga kwa endoscope kudaikidwa kachipangizo ka ultrasound, kofanana ndi kamene amaunikira amayi oyembekezera, kotero kuti dokotala ali m'chifu amaona kupyola khoma. Marc Giovannini wa ku Marseille adasonyeza mu 2001 kuti ndi chithandizo cha diso limeneli singano ingathe kubaya njira ya ndulu yotupa kuchokera m'matumbo, n'kusiyamo stent. Ndipo posakhalitsa ena adayamba kubaya chiwindi chenicheni kuchokera m'chifu, ndulu n'kumatsikira m'chifumo osadzeranso kumunsi. Mu 2014 gulu la Michel Kahaleh ku New York lidafalitsa njira yotchedwa EDGE: kuchokera m'kathumba kakang'ono ka chifu, dokotala amaona chifu chachikulu kuseri kwa khoma, nachibaya, naikapo stent yachitsulo yaifupi, yotambalala kunsonga zonse ziwiri, imene imagwirizanitsa makoma awiriwo n'kusiya khomo la mamilimita 15 kapena 20. Kawirikawiri amadikira milungu ingapo kuti pamalopo pagwirane, kenaka amadutsa pakhomopo ndi chipangizo cha nthawi zonse, nagwira ntchito yake, ndipo pomaliza amachotsa stent kuti bowo litsekeke. Luso lake n'lodabwitsa. Koma nthawi zina stent imasuntha, nthawi zina bowo silitsekeka lokha, chakudya n'kuyambanso kulowa m'chifu chakale, ndipo chitsulo chimodzicho mtengo wake ndi woti chipatala cha m'dziko losauka chikadagulira mankhwala a odwala ambiri.

Pali njira ina yakale imene akatswiri a endoscope saitamanda pa misonkhano yawo, koma imene ine ndiiona kuti iyenera ulemu. Dokotala wa X-ray amabaya singano pakhungu, pakati pa nthiti za kumanja, nalowa m'chiwindi, napeza kanjira kotupa, nasiyamo chubu chotulutsira ndulu kunja m'thumba la pulasitiki. Wodwala sakondwera kuyenda ndi thumba m'chiuno, chubucho chimapweteka, chimatha kuzuka, ndipo khungu limanyeka pozungulira pake. Koma njira imeneyi silabadira kuti matumbo adasokedwa motani, ndipo munthu amene mafinya amufikitsa pakhomo la imfa pakati pa usiku safunika luso la maola awiri, afunika kuti madzi oipawo atuluke. Chipatala chanzeru sichikangamira njira imodzi chifukwa choti ndiyo yatsopano. Chimayang'ana kasokedwe, changu cha nthendayo, ndi manja amene alipo tsiku limenelo.

Tisabise kuti ERCP, ngakhale kwa munthu wosasokedwa, ndi imodzi mwa ntchito za endoscope zoopsa koposa. Pakati pa anthu 3 ndi 10 mwa 100 alionse kapamba amatupa pambuyo pake, chifukwa njira yake ili pakhomo lomwelo ndipo sakonda kukhudzidwa; kawirikawiri kutupako kumatha pa masiku ochepa, koma nthawi zina kumafika poika moyo pachiswe. Chodabwitsa n'chakuti chimodzi mwa zotchinjiriza zabwino koposa ndi mankhwala otchipa amene tonse timawadziwa, diclofenac kapena indomethacin, oikidwa kumalo otulukira chimbudzi ntchito isadayambe kapena itangotha. Kutaya magazi ndi kubowoka kwa thumbo zimachitikanso, ndipo kubowokako kumachuluka mwa osokedwa. Wodwala amene wabwerera kunyumba ndipo wayamba kumva kupweteka kwakukulu m'mimba kolasa kumsana, kusanza kosaleka, kutentha thupi kapena chimbudzi chakuda bii, asadikire kuti kuche.

Wina angafunse kuti zonsezi zitikhudza bwanji ife, popeza ku zipatala zathu zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe endoscope imagwira ntchito makamaka pa khansa ya kummero ndi pa otaya magazi m'mimba. Zitikhudza chifukwa abale athu akupita ku India ndi ku South Africa kukachitidwa maopaleshoni aakulu a chifu, a kapamba ndi a ndulu, ena potumizidwa ndi boma, ena pogulitsa ziweto ndi minda. Ndipo ena amene akukhala ku Britain ndi kwina achitidwako opaleshoni yochepetsa kunenepa. Onsewa amabwera ndi chipsera pamimba, ndipo chipsera sichinena chimene chidachitika m'kati. Munthu wa Billroth I, wa Billroth II, wa Whipple ndi wa Roux angathe kukhala ndi mzere wofanana pakhungu. Amene adachepetsedwa chifu mongochidula m'litali, njira yotchedwa sleeve, matumbo ake sadakhudzidwe ndipo ERCP ya nthawi zonse imamukwanira, pamene mnzake wa opaleshoni ya Mason ija, yotchedwa bypass, amene naye amangoti adandichepetsa chifu, afunika zida zina ndi dokotala wina. Ngakhale makina a CT, amene amaonetsa zambiri, sangathe kuyeza bwino kutalika kwa thumbo lopindikapindika.

Safunsa adadya phula. Amene akutuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni yotere, kapena mbale amene akumudikirira, apemphe mwaulemu koma molimbika kalata yeniyeni ya opaleshoni, imene dokotala amalemba atangotuluka m'chipinda chochitira ntchitoyo, osati kapepala kotulutsira wodwala kokha. M'menemo mukhale dzina la opaleshoni, chimene chidachotsedwa, kasokedwe kake, kutalika kwa mwendo uliwonse wa thumbo m'masentimita, ndiponso ngati kathumba ka ndulu kadachotsedwa kapena kadatsala. Ndipo ngati dokotalayo angajambule chithunzi ndi cholembera, ngakhale chokhotakhota, chimenecho chidzathandiza mnzake wa kutsogolo koposa masamba atatu a mawu. Kalatayo isungidwe pamodzi ndi buku la kuchipatala, ijambulidwenso pa foni. Afunsenso ngati m'njira ya ndulu mwasiyidwa stent, ndi ya mtundu wanji, pakuti ya pulasitiki imayamba kutsekeka pakatha miyezi itatu kapena inayi ndipo iyenera kuchotsedwa kapena kusinthidwa; ndipo odwala ena amene amafika ku chipatala ndi chikasu ndi kunjenjemera patapita chaka kapena ziwiri amapezeka kuti chotseka njira yawo ndi kachubu komweko, kamene palibe adawauza tsiku lokakachotsa.